Abiti Bokosi wa pa Nkaya

Nkaya, Balaka
23 Juni 2024

Okondedwa achemwali anga a Maryam,

Assalamu alaikum. Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu anga ndi ana, ndiponso kuti chisanu cha ku Joni sichinakuthereni mphamvu. Ife kuno tili bwino, Alhamdulillah. Ndaipereka kwa a Akimu a thiransipoti pamodzi ndi kathumba ka mpunga ndi matemba a ku Chiuta. Matembawo muwayanikenso akafika, chifukwa ndinawagula kuli mitambo.

Mudabwa kuti ndalemba pa pepala pamene foni ilipo. Tsiku lija munandiimbira, munafunsa ngati n'zoona zomwe amayi akulira nazo ku Ngokwe, zoti ine mutu wasokonekera ndipo ndabereka nyani. Ndinati netiweki ikuvuta, n'kudula. Netiweki inali bwinobwino, achemwali. Kungoti pa nthawi imeneyo ndikanayamba kufotokoza ndikanalira, ndipo inu mukanakhulupirira kuti amayi akunena zoona. Tsopano nkhaniyo yatha, ndiye khalani pansi muimve yonse.

Chakumapeto kwa Januwale, mvula ili pakati, sitima yopita ku Nayuchi inaima pa siteshoni pano monga mwa masiku onse. M'bogi ina munali amayi a geni ya tomato, ndipo anamva kulira kuchokera pansi pa matumba a anyezi. Atafunsa mwini katunduyo, bambo wina wachilendo wovala bwino, anati ndi nkhuku. Amayiwo anati nkhuku salira choncho. Mukudziwa mmene anthu alili ndi mantha masiku ano pa nkhani zoba ana. Anamugwira malaya, anatsitsa matumba aja, anapeza bokosi lamatabwa lokhomedwa ndi misomali, loboola timabowo m'mbali. Apolisi akanachedwa pang'ono, bambo uja sakanafika kukhoti ndi miyendo yake.

Ine ndinali kuseri kwa msika, ndikubaya mbuzi katemera. Wapolisi wina anabwera pa njinga n'kunena kuti popeza mlangizi wa ziweto pa Nkaya ndine, ndikaone chomwe achipeza.

M'bokosimo munali kanthu kakuda, kowonda, kamsinkhu wa mwana wa chaka chimodzi. M'chiuno munali chingwe chomwe chinali chitadya mnofu. Kanali ndi zala ndi zikhadabo ngati zathu, ndipo mchira kanalibe. Anthu anali atazungulira, aliyense akutchula dzina lake. Ena ankati ndi nyani, ena pusi, agogo ena anati lijani, dzina la nyani m'Chiyao, ndipo mayi wina anayamba kubwerera m'mbuyo akunena kuti ndi ndondocha. Ine sindinadziwe. Kusukulu ya zaulimi tinaphunzira ng'ombe, mbuzi ndi nkhuku. Ndinangogwada kuti ndidule chingwe chija, ndipo nditangochidula kanthu kaja kanakwera ndi mkono wanga, kanandikoleka manja m'khosi, n'kubisa nkhope pachifuwa panga. Kankanjenjemera thupi lonse.

Masana omwewo kunabwera Dokotala Lena kuchokera ku Liwonde. Ndi mayi wa kuno ku Balaka komweku, wamfupi, wolankhula pang'onopang'ono, dokotala wa nyama zakutchire. Atangoona anati nyama yotere m'nkhalango za Malawi mulibe, yachokera ku Congo, ndipo ikuoneka kuti ndi mwana wa chimpanzi, wamkazi. Anati bambo uja ankafuna kukamugulitsa kwa anthu olemera kudzera ku doko la ku Mozambique. Anatiuzanso kuti mayi wa nyama zimenezi sataya mwana ali moyo, ndiye mukaona mwana ali m'bokosi dziwani kuti amake anaphedwa iye akuona.

Atayesa kumuchotsa pa ine, mwanayo anakuwa mpaka mawu anatha, kenako anangolefuka ngati nsanza. Dokotala anandibwezera. Anati ana otere amafa ndi chisoni msanga kuposa ndi njala, ndipo popeza wasankha ine, ngati ndingalole, iwo akapempha kwa mabwana anga kuti ndikhale naye mpaka atalimba. Sindinafunse amuna anga. Ndinavomera pomwepo.

Nyumba yomusungira ku Liwonde inali isanakonzedwe, ndiye masiku oyamba ndinakhala naye kunyumba kwathu. Sankalola kutsika. Kuphika, kusesa, kutunga madzi, zonse ndinkachita ali kumsana m'chitenje, nditavala masiki chifukwa dokotala anati chifuwa chathu kwa iwo ndi imfa. Apa ndi pomwe panachokera mbiri ija. Pa mjigo pano anthu ankati Saida akubereka nyani kumsana. Mawuwo atakwera sitima n'kufika ku Ngokwe, lakuti kumsana linagwera m'njira, n'kutsala lakuti Saida wabereka nyani. Panopa ndimaseka, koma nthawi imeneyo sizinali zoseketsa. Inu mukudziwa kuti ndinapita padera kawiri, ndipo wachiwiri uja anali mwana wathunthu, wamwamuna. Ena ankanena kuti mutu wanga unayamba kuzungulira kuyambira pomwepo. Ena, omwe ndimadya nawo pa maliro ndi pa maukwati, ankati chomwe chinali m'mimba mwanga chandibwerera.

Alamu anu a Sufiyani sanakondwe. Sanandikalipire, si khalidwe lawo, koma ankachoka m'mamawa kupita ku shopu yawo yokonza njinga zamoto n'kumabwera atadya kale. Tsiku lina ndinawafunsa kuti kodi mwanayu timutche ndani. Anandiyankha kuti, "Inu ndinu Abiti Amidu chifukwa bambo anu tikuwadziwa. Nanga ameneyu bambo ake ndani? Ndi Abiti Bokosi." Ananena mopsa mtima, koma dzinalo linakakamira. Ngakhale apolisi ankafunsa kuti Abiti Bokosi wadzuka bwanji.

Kenako tinasamukira ku Liwonde, m'kanyumba ka mpanda wa waya pafupi ndi paki, komwe anthu sankaloledwa kulowa. Kumeneko Abiti anayamba kuchira. Bala la m'chiuno linauma, anayamba kumwa mkaka wa m'botolo, kudya nthochi ndi papaya. Tsiku lomwe anaseka koyamba ndinadzidzimuka. Ndinkamupukuta m'khwapa, ndiye anatsegula pakamwa n'kumapuma mofulumira, maso atatsinzina, akugwira dzanja langa kuti ndibwereze. Amaseka, achemwali. Ndikanauzidwa ndi munthu sindikanakhulupirira.

A Sufiyani ankabwera Lachisanu lililonse akachoka ku mzikiti. Ankakhala patali pansi pa mtengo wa mthethe, akusenda nzimbe zomwe ankati abweretsera ine, akuimba kamluzu kawo kaja komwe amaimba akamamasula injini. Abiti ankawasuzumira pa phewa langa. Iwo ankachita ngati sakumuona, koma nzimbezo ankazidula timapisi tating'ono toti munthu wamkulu sangakhute nato.

Tsopano ndikuuzeni za dzina, chifukwa nkhani yonse inafika pogona pamenepo. Kukhoti bambo wa bokosi uja anaumirira kuti nyamayo ndi nyani wamba yemwe anamutola m'munda wa chimanga, ndipo nyani aliyense amamudziwa kuti ndi wakuba, palibe angamangidwe zaka chifukwa cha iye. Choncho khoti linafuna kuti adokotala anene motsimikiza kuti ndi nyama yanji. Komanso mtundu wake ndi womwe ukanalamula komwe apite. Ku Zambia kuli malo osungira achimpanzi amasiye, ndipo anali atavomera kale kumulandira.

Koma Dokotala Lena anayamba kukayika mawu awo omwe. Ankabwera n'kukhala pa mpando kumuyang'anitsitsa. Tsiku lina anandiitana n'kundionetsa zithunzi pa foni. Ana a chimpanzi, anati, nthawi zambiri nkhope zawo zimakhala zoyererako ndipo makutu ndi aakulu, otambalala. Abiti nkhope yake inali yakuda bii, milomo yofiirira, makutu aang'ono obisika m'tsitsi, ndipo tsitsilo linagawanika pakati pa mutu ngati wina wamupesa kupita ku ukwati. Zala ziwiri za kuphazi zinali zolumikizana ndi kakhungu. Mawu ake anali opyapyala ngati a mbalame. Anati, "Saida, ndikuopa kuti ndinafulumira. Ameneyu akhoza kukhala bonobo."

Ine dzinalo ndinali ndisanalimvepo. Linali tsiku Lachisanu, a Sufiyani ali pansi pa mtengo wawo, ndiye dokotala anatifotokozera tonse awiri. Anati asayansi amapatsa chamoyo chilichonse maina awiri, loyamba lili ngati mfunda, lachiwiri ndi lakelake. Chimpanzi ndi bonobo mfunda wawo ndi umodzi, Pan, ngati ana a mimba imodzi, koma ndi mitundu iwiri. Chomwe chinawalekanitsa ndi mtsinje waukulu wa Congo. Onse sadziwa kusambira, ndiye achimpanzi anatsala tsidya lina, abonobo tsidya lakumwera, kwa zaka zosawerengeka, mpaka anasiyana nkhope, mawu ndi makhalidwe. Achimpanzi nawonso ali m'magulu anayi malinga ndi dera lomwe akukhala, ndipo amapezeka m'maiko ambiri, koma abonobo dziko lawo ndi limodzi lokha. Kwa achimpanzi amalamula ndi amuna, ndipo ndewu sizisowa. Kwa abonobo amalamula ndi amayi.

A Sufiyani anati ndiye kuti ndi Ayao anzathu, a chikamwini. Aka kanali koyamba kuwamva akuseka chiyambire nkhaniyi.

Dokotala anapitiriza kunena kuti ngakhale ophunzira anasokonezeka nthawi yaitali. Ankangoti abonobo ndi achimpanzi aang'ono, mpaka wina atayang'anitsitsa chigaza chomwe chinasungidwa ku Ulaya ngati cha mwana wa chimpanzi, n'kuona kuti ndi cha nyama yaikulu kale ya mtundu wina. Maina enieniwo ali ndi zolakwika. Dzina lachiwiri la chimpanzi limatanthauza wokhala kuphanga, pamene iye amagona m'mitengo. Ndipo la bonobo, ena amati linachokera pa dzina la tauni ina ya m'mbali mwa mtsinjewo, lomwe linalembedwa molakwika pa bokosi lotumizira nyama. Apa a Sufiyani anaomba m'manja, anati ndiye iwo sanalakwe, mtundu wonse ndi wa m'bokosi.

Koma kuseka kunatha nditafunsa kuti nanga anyani athu a m'phiri ali pati pa chibale chimenechi. Dokotala anati anyani, apusi ndi nchima ndi a mchira, ali kutali. Abiti ali m'banja la opanda mchira, momwe muli gorila, orangutani wa ku maiko a kum'mawa, chimpanzi, bonobo, ndi ife anthu. Anati pa kaundula wa asayansi, Abiti ali pafupi ndi ine kuposa mmene alili ndi nyani. A Sufiyani anati Astaghfirullah, anatola nzimbe zawo n'kukwera njinga osatsanzika.

Ndinamva pambuyo pake kuti anapita kwa ashehe athu a pa Nkaya. Ashehe anawauza kuti iwo za asayansi sakuzidziwa bwino, ndipo sangatsutse kapena kuvomereza chomwe sanachiphunzire. Chomwe akudziwa n'chakuti mmisiri mmodzi akapanga zinthu zambiri, dzanja lake limaoneka pa zonse, ndiponso kuti chifundo chochitira nyama yamasiye sichitayika kwa Allah. Ine mpaka lero funso limenelo sindinalimalize m'mutu mwanga. Ndimaswali monga kale. Koma ndikakumbukira chala chake chitagwira changa, sindichita manyazi.

Dokotala anazula titsitsi tingapo n'kutumiza kunja kuti akapime. Yankho linachedwa. Galimoto ya ku Zambia inali itakonzeka, akuluakulu awo ankaimba foni kuti nyamayo ikuwononga nthawi ya anthu, koma iwo anakana. Anati akamutumiza kwa achimpanzi ali bonobo, adzakhala mlendo moyo wake wonse, wosamvana ndi aliyense, ndipo mwina achimpanzi akuluakulu a kumeneko angamuvulaze. Ine mumtima ndinkapempha kuti yankholo lichedwebe. Sindinganame.

Mkati mwa Ramadhani ndinadwala chimfine, chifuwa n'kutsikira pansi. Dokotala atangondimva ndikutsokomola anati basi, ndisamuyandikirenso mpaka nditachira. Anamuchotsa kumsana kwanga ndi mphamvu. Anandiika m'chipinda china chomwe zenera lake limayang'ana pabwalo, ndipo zonse zomwe zinatsatira ndinazionera pa zenera limenelo.

Abiti anasiya kudya. Dokotala anayesa, anamwino a ziweto anayesa, botolo ankalikankha. Tsiku lachiwiri anasiya ngakhale kulira. Anangogona chafufumimba pa bulangete, manja atafungatira mutu. Anamuika diripi, koma dokotala anandiuza mosabisa kuti diripi imagwira thupi, sigwira mtima. Ine ndinkamuitana pa zenera, iye n'kutukula mutu pang'ono, kenako n'kuugonekanso. Ndinadziwa maonekedwe amenewo, achemwali. Ndi mmene ndinagonera ine nditachoka kuchipatala chaka chija, pamene inu munkandiimbira ndipo sindinkayankha.

Ndinaimbira a Sufiyani. Sindinawapemphe kanthu, ndinangowauza kuti Abiti akufa. Sipanapite nthawi ndinamva njinga pa geti. Silinali Lachisanu.

Dokotala anawauza kuti kupatula ine, munthu yemwe mwanayu amamudziwa mawu ndi iwo. Anawasambitsa m'manja, anawaveka masiki, anawapatsa chitenje changa chochapa. A Sufiyani anaima nacho chitenjecho ngati awapatsa njoka. Kenako anakhala pansi pafupi ndi bulangete, anatulutsa nzimbe m'thumba, n'kuyamba kusenda akuimba kamluzu kaja, osamuyang'ana. Dzuwa linasuntha ndithu iwo ali pomwepo. Ine ndinali nditataya mtima. Kenako ndinaona kadzanja kakuda kakutuluka, osati kutenga nzimbe, koma kugwira mwendo wa buluku lawo. Anadzikoka pang'onopang'ono mpaka anafika pamiyendo pawo, n'kubisa nkhope m'malaya.

Kumanga chitenje kunawavuta. Ndinkawauza pa zenera kuti awerame, apititse nsonga ina pansi pa khwapa, amange pachifuwa, iwo n'kumanga pamimba, mwana n'kumatsetsereka. Dokotala ankaseka misozi ili m'maso. Madzulo asanafike, Abiti anamwa theka la botolo ali kumsana kwa alamu anu.

Shopu anaitseka. Anakhala ku Liwonde masiku onse omwe ine ndinali kudwala, akusala kudya, mwana ali kumsana.

Pali nkhani ina yomwe sindinakuuzenipo, ngakhale ndikuganiza kuti amayi anakunong'onezani. Amalume awo a Sufiyani, a Hassani, akhala akuwakakamiza kuti atenge mkazi wachiwiri, ndipo anali atapeza kale mtsikana ku Nayuchi. Palibe anandiuza, koma nkhani zotere zimafika zokha. Ine sindinafunse, chifukwa ndinkaopa yankho. Ndiye tsiku lina amalumewo atapeza shopu yotseka anafunsa njira mpaka anafika pa waya paja. Anapeza mwana wa mlongo wawo, mwamuna wa ndevu zake, akuyendayenda pabwalo atamanga chitenje cha maluwa pachifuwa, kamutu kakuda kakusuzumira pa phewa.

Amalumewo anawayang'ana kuchokera kumutu mpaka kumapazi. Kenako anati, "Sufiyani, ndi zimenezi wasiyira ntchito? Anthu a ku Nayuchi akudikira mawu athu, iwe uli kuno ukulera chinyama."

A Sufiyani anayandikira waya, anawapatsa moni mwaulemu wonse, kenako anati, "Amalume, a ku Nayuchi muwauze kuti asadikire. Mkazi ndili naye, ndi uyo ali pa zenerayo. Za ana tidzaona zomwe Allah watilembera, koma tidzaziona awiri."

Amalume anati anthu amuseka. A Sufiyani anayankha kuti anthuwo akhala akuseka mkazi wawo kuyambira Januwale ali yekha, ndiye si zoipa kuti tsopano agawane kusekedwako. Amalume anapukusa mutu n'kubwerera. Sanapsetsane mtima mpaka kalekale, pa Eid tinakadya kwawo, koma za ku Nayuchi sizinatchulidwenso.

Atachoka amalume, a Sufiyani anabwera pafupi ndi zenera, anaima chapatali monga anawauzira dokotala. Abiti anali atagona. Anati, "Abiti Amidu, tsiku lija ndinanyamula mwana wathu kupita naye kumanda, anali wopepuka kuposa uyu. Ndinamuyang'ana nkhope. Anali ndi chipumi chanu. Sindinakuuzeni chifukwa ndinkaona ngati ndikuwonjezerani ululu." Zaka ziwiri tinakhala m'nyumba imodzi osamutchula mwana ameneyo, aliyense akuganiza kuti akuteteza mnzake. Tinalira, iwo uko ine kuno, galasi lili pakati.

Nditachira ndinabwerera kwa Abiti. Anandinunkhiza, anandimenya pang'ono pa mkono ngati akundidzudzula, kenako anakwera. Koma kuyambira pamenepo anali ndi misana iwiri, ndipo ankasankha yekha.

Yankho linabwera Ramadhani itatha. Anali bonobo. Khoti litamva kuti nyamayi imapezeka m'dziko limodzi lokha pa dziko lonse lapansi ndipo yatsala yochepa, nkhani ya m'munda wa chimanga inathera pomwepo, ndipo bambo uja ali kundende. Ulendo wa ku Zambia unafafanizidwa. Ku Congo, pafupi ndi likulu lawo, kuli malo osungira abonobo amasiye, komwe amawalera mpaka ena amabwezedwa kunkhalango. Anthu a kumeneko anatumiza mayi wina kuti adzamutenge.

Dzina lake ndi Mama Kiese, mayi wamkulu wa thupi, wa zipsera za mano m'mikono. Ntchito yake ndi yomweyi, kubereka ana amasiye a abonobo kumsana, ndipo waigwira zaka zambiri. Chichewa sadziwa, Chingerezi pang'ono, ndiye tinkalankhulana ndi Chiswahili chothyokathyoka cha a Sufiyani, kwinako ndi manja. Tsiku loyamba sanamukhudze. Anangokhala pansi n'kutulutsa kamawu kena kopyapyala kukhosi. Abiti anaimika mutu, anayang'ana uku ndi uku, n'kuyankha. Miyezi yonse ija ine ndinkamulankhula Chichewa ndi Chiyao, iye n'kumandimvera mwaulemu, koma tsiku limenelo ndi pomwe anamva chinenero cha kwawo.

Ntchito yanga yomaliza inali yovuta kuposa zonse. Ndinayenera kuzimiririka pang'onopang'ono. Botolo linapita kwa Mama Kiese, nzimbe kwa Mama Kiese, ine n'kumakhala patali, akandifuna n'kumachita ngati ndatanganidwa. Tsiku lomwe anadzidzimuka ndi kulira kwa galimoto n'kuthamangira kwa mayi uja osati kwa ine, dokotala anati tapambana. Ine ndinapita kuseri kwa nyumba. Mama Kiese ananditsatira, Abiti ali kumsana, anandigwira phewa n'kunena mawu omwe a Sufiyani anamasulira kuti iye walera ambiri, ndipo aliyense tsiku lina amatsika n'kupita kwa anzake osacheuka. Anati akacheuka ndiye kuti ntchito sinagwirike bwino.

Ananyamuka mu Meyi. Ku bwalo la ndege sindinapite, ndinatsanzikira pa geti pa Liwonde. Ndinamugwira phazi, lija la zala zolumikizana, iye ali kalikiliki ndi gwafa.

Sabata yatha Dokotala Lena ananditumizira kavidiyo. Abiti ali pa udzu ndi ana anzake anayi kapena asanu, onse a tsitsi logawanika pakati, akukokana miyendo. Poyamba sindinamuzindikire, ndipo ndinasangalala kuti sindinamuzindikire. Kumeneko ana amawatcha maina a malo, ndipo iye amulemba kuti Nkaya. A Sufiyani akuti zilibe kanthu, kwa iwo ndi Abiti Bokosi basi. Kavidiyoko akuonetsa aliyense wobwera kudzakonzetsa njinga, ndipo amawafotokozera za mtsinje wa Congo ngati anabadwira komweko. Amayi a pa mjigo aja tsopano amandifunsa kuti mwana wanu uja akupeza bwanji. Sindiwasungira mangawa. Aphunzitsi a pa sekondale pano andipempha kuti ndikalankhule ndi ana a Fomu 3 za maina a zamoyo, ndipo ndavomera.

Chinanso. Kumayambiriro kwa mwezi uno tinapita ku chipatala chachikulu ku Zomba, ine ndi a Sufiyani. Anayambitsa ndi iwo. Adokotala atandipima anati khomo la chiberekero changa limatseguka nthawi isanakwane, ndipo si matsenga, si tsoka, ndi vuto lomwe amalidziwa. Anati ndikadzaima ndipite msanga, amatha kulisoka kuti ligwire mpaka mwana atakhwima. Sanalonjeze kanthu, ife sitinapemphe lonjezo. Panopa sindili woyembekezera, ndiye musathamangire kuimbira amayi. Koma ndasiya kuopa kuwerenga masiku.

Amayi ndikawaona ndekha mwezi wamawa, ndikawaonetsa kavidiyoko. Inu mukawaimbira muwauze kuti mwana wawo mutu uli bwino, ndipo chomwe anabereka anabereka kumsana.

Mundiperekere moni kwa alamu anga a Abdulwahab, muwauze kuti a Sufiyani akufunsabe za masipanala aja. Moni kwa Amidu wamng'ono, alimbikire sukulu. Ndipo moni wapadera kwa Fauziya. Pamene munabwera naye ali wakhanda, aliyense anamunyamula kupatula ine. Ndinkati manja anga ndi a mankhwala a mbuzi, ndipo inu munangondiyang'ana osanena kanthu. Zikomo chifukwa cha kusanena kanthu kuja. Ndikudziwa kuti pano akuyenda yekha ndipo mwina ndi wolemera, koma mukamabwera mu Disembala musamusiye. Ndidzakuchingamirani pa depoti pa Balaka, chitenje ndidzabwera nacho ndekha. Inu mudzanyamule zikwama.

Allah akusungeni nonse mpaka tidzaonane.

Ndine mng'ono wanu wokukondani,
Saida Abiti Amidu